Sukulu ya Aroma ija ndi ya yani?

Wokondedwa mphwanga,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mwendo wa mayi uja wayamba kuphwa. Wandifunsa kuti bwanji anthu ku Bvumbwe amaitchulabe sukulu yathu ija kuti ya Aroma, chikhalirecho aphunzitsi amalipidwa ndi boma ndipo ana ambiri amapemphera kwina. Popeza akusankha kukhala m'komiti ya sukuluyo, ndi bwino udziwe kumene inachokera musanayambe kukokanakokana ndi bambo mfumu pa nkhani yogumula buloko yakale ija.

Ansembe a chipani cha Montfort anafika m'dziko muno mu 1901, atatu okha, nakhazikika ku Nzama m'boma la Ntcheu. Mu 1903 anatsegula mishoni ya Nguludi ku Chiradzulu, ndipo kuchokera kumeneko ntchito yawo inafalikira kum'mwera konse kuno. Koma anali atachedwa. Amishoni a ku Scotland anali ku Blantyre chiyambire 1876, ali kale ndi sukulu zawo ndi aphunzitsi awo. Ndiye Aroma anakumana ndi alendo anzawo: Alomwe amene ankawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Azigogo athu anali m'gulu limenelo. Malo anawapeza m'maesiteti a azungu ku Thyolo kuno, koma pamtengo wa thangata: ufuna pomanga nyumba ndi kadimba, uzigwira ntchito m'munda mwa bwana. Thangata anatha mu 1962, dzulodzuloli, bambo athu ali kale mnyamata.

Sukulu zoyambazo usaziganize ngati za lero. Chinali chisakasa chaudzu, pakati pa sabata kalasi, Lamulungu tchalitchi. Mphunzitsi anali katekisti yemweyo, kuphunzitsa katekisimu, kuwerenga ndi masamu pang'ono. Wansembe ankangobwera mwa apo ndi apo kudzamvetsa kulapa, kuchita Misa ndi kuyesa ofuna ubatizo. Boma la atsamunda linalowerera mochedwa. Dipatimenti yake ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, mishoni zitaphunzitsa kale anthu zaka zambiri. Kuyambira pamenepo boma lakhala likulowa pang'onopang'ono, poyamba ndi thandizo la ndalama, kenako silabasi, mayeso ndi malipiro a aphunzitsi, koma malo ndi dzina n'kukhalabe za mpingo. Yankho la funso lako lagona pamenepo.

Sindikufuna kuwayeretsa ansembewo kuposa mmene analili. Anali azungu m'dziko lolamulidwa ndi azungu, ndipo si onse amene ankawasiyanitsa ndi eni esiteti. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anaotcha nyumba za mishoni ku Nguludi komwe kuja. Komabe mwana wa munthu wothyola tiyi, amene pa esiteti ankangomuwerengera kuti adzasenza liti dengu pamsana, kumishoni ankalembedwa dzina m'kaundula n'kupatsidwa sileti.

Pali eni ake ena a sukuluyi amene sanalembedwe m'buku lililonse. Buloko mukufuna kugumulayo njerwa zake anaumba ndi makolo. Agogo aakazi ankasimba kuti ankatunga madzi kudambo Loweruka ataweruka kumunda, amuna akuponda dothi ndi kuotcha uvuni usiku wonse. Ukapite kuseri kwa Sitandade 3, pansi pa zenera lachiwiri: pali njerwa ina imene mbuzi inapondapo isanaume, ndipo chiboda chake chikuonekabe. Ife tinkalowetsamo zala podikira belu.

Belulo linali limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikatsika, tinkalimva tisakuona n'komwe denga la sukulu. Tinkathamanga osavala nsapato, tsache m'manja, mbatata yootcha m'thumba la kabudula kuti itifunditse ntchafu kufikira nthawi yopuma. Tisanalowe m'kalasi, pemphero. Kenako kuyendera zala ndi tsitsi. Anzathu a CCAP, a Seventh Day ndi Asilamu ankaima nafe pamzere womwewo, ndipo ena ankaloweza mapemphero a Chikatolika kuposa ife eniake. Mvula ikagwa, tiyi n'kuphukira, mabenchi ena ankakhala opanda anthu chifukwa ana apita kukathandiza makolo kuthyola masamba ku esiteti. Ena sanabwererenso.

Nanga fizi! Iwe sunailawe. Ife ankatibweza pakhomo, ndipo mayi ankalawirira kumsika wa Bvumbwe ndi dengu la matimati ndi kabichi, kulimbana mtengo ndi mavenda a ku Limbe mpaka ndalamayo ikwane. Munthu amene wagulitsa matimati ake kuti mwana alowe m'kalasi salola kuti denga la kalasilo lidonthe. Ankapita okha kwa ahedi kukafunsa.

Zaka zimenezo mpingo wa dera lathu unali kale m'manja mwa Amalawi. Ambuye James Chiona anali Arkiepiskopi wa Blantyre chiyambire 1967. Mu Meyi 1989 Papa Yohane Paulo Wachiwiri atabwera, anthu a kwathu anapita ku Blantyre atapanikizana m'malole, amayi atavala nsalu za nkhope yake. Koma tsiku limene silichoka m'mutu mwanga ndi Lamulungu la 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Inanena za malipiro ochepa a anthu wamba, za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi, komanso za mantha amene anthu anali nawo polankhula. Zonsezo tinkazidziwa, koma kuzimva mokweza, m'Chichewa, nthawi ya Kamuzu, anthu anayamba kuyang'ana pakhomo kuti apayoniya alowa nthawi yanji. Masiku otsatira kupezeka nayo kalatayo unali mlandu.

Iwe unayamba Sitandade 1 pulayimale itakhala kale yaulere. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi, ana a pulayimale m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ndipo amene ananditsutsa pa zimenezi sanabwezedwepo pakhomo chifukwa cha fizi. Koma inu munaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo makolo ambiri anayamba kunena kuti sukulu ndi ya boma, boma lomwelo likonze. Mpingo nawo unatsala ndi chikwangwani, mtanda ndi Misa yotsegulira teremu.

Za buloko ija, maganizo anga ndi akuti muyambe mwaitana mmisiri aone maziko. Ngati ali olimba, musinthe mitengo ya denga ndi malata basi. Njerwa zakale zija zinapsa bwino kuposa zambiri zimene tikuumba lero. Ndipo musanapite kwa bambo mfumu kapena ku ofesi ya maphunziro ku boma, nkhaniyi muyambe mwaitula m'malimana ndi kwa anyakwawa. Ngati kudzakhale kuumba njerwa zina, undiuze msanga ndidzatumize ya simenti kumapeto kwa mwezi.

Upereke moni kwa mayi, kwa mlamu ndi kwa ana onse.

Ndine mkulu wako.