Mayi amene anadikira pakhomo la kachisi

Lero ndikupemphani kuti tilingalire za mayi Jane Manning James a ku America, a mpingo wa a Mormon umene Joseph Smith anayambitsa mu 1830.

Mayiwa anali akuda. Mu 1843, atakanizidwa kukwera sitima ya pamadzi ku Buffalo, iwo ndi abale awo anayenda wapansi mamailosi pafupifupi 800 kukafika ku Nauvoo, kumene kunali likulu la mpingowo. Anagwira ntchito m'nyumba ya Joseph Smith mwini wake, ndipo mu 1847 anali m'gulu la oyamba kufika ku Utah.

Poyamba mwamuna wakuda ankatha kudzozedwa, monga Elijah Abel amene anakhala mkulu mu 1836. Koma mu 1852 mtsogoleri wachiwiri, Brigham Young, analengeza kuti mwamuna wakuda sadzalandira unsembe. Chiletsocho chinagweranso amayi akuda, pakuti anawatsekera miyambo ya m'kachisi imene a Mormon amakhulupirira kuti imamanga banja kwamuyaya.

Mayi Jane anapempha atsogoleri mobwerezabwereza, nawalembera makalata. Mu 1894 anawayankha powalumikiza ku banja la Joseph Smith ngati wantchito wamuyaya, ndipo pa mwambowo panaima munthu wina m'malo mwawo, eni ake ali kunja. Anamwalira mu 1908 asanalandire chimene ankapempha, koma mpingo sanausiye.

Chiletsocho chinatha mu June 1978, pamene Spencer W. Kimball analengeza kuti walandira vumbulutso. Nthawi imeneyo ku Ghana ndi ku Nigeria kunali kale magulu a anthu amene ankadzitcha a Mormon, akudikira ubatizo kwa zaka zambiri. Mu 2013 mpingowo unalemba poyera kuti ukukana chiphunzitso chakale chakuti khungu lakuda ndi chizindikiro cha temberero.

Khomo la amayi likadali lotseka. Mnyamata wa zaka pafupifupi 12 amadzozedwa udikoni, pamene mayi ake omubereka sangadzozedwe. Kate Kelly, amene anatsogolera gulu lopempha kuti amayi azidzozedwa, anachotsedwa mumpingo mu 2014.

Sindikulemba izi kuti tiseke anzathu, abale anga. Ine monga mkulu wa mpingo, chimene chimandichititsa mantha ndi ichi: kwa zaka 126 amuna opemphera, odziwa kulalika, ankanena kuti Mulungu ndiye watseka khomo, kenako olowa m'malo awo anadzakana zifukwa zimene iwo ankapereka. Tsankho la m'badwo wawo analiveka mkanjo wa chiphunzitso. Mpingo ukhoza kudikira zaka zana kuti ukonze cholakwa, koma munthu ali ndi moyo umodzi wokha. Mu 1979 mwambo uja anauchita m'dzina la mayi Jane, patapita zaka 71 ali m'manda.

Choncho inu amene munapatsidwa mpando, kaya mumpingo kaya m'banja, musanauze munthu kuti Mulungu wakana, dzifunseni mwaulemu ndi mwamantha ngati wakanadi ndi Mulungu kapena ndi chizolowezi chanu. Ndipo yang'anani kuti ndani waima pakhomo panu, ndi kuti wadikira zaka zingati.

Ambuye akusungeni nonse.