Buku la ku Nkhoma ndi Gule wa pa Bwalo

Ife amene tinakulira pakati pa Mitundu ndi Nathenje dziko lisanalandire ufulu mu 1964, tinali ndi aphunzitsi awiri a mbiri yathu, ndipo awiriwo sankamwerana madzi. Wina anali buku, wina anali gule.

Buku linkachokera ku Nkhoma, mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1896. Kusukulu tinkaloweza maulendo a David Livingstone ngati kuti kuno kunalibe anthu iye asanafike. Ndiye tsiku lina aphunzitsi anatsegula Nthondo, buku la a Samuel Josia Ntara la mu 1933. Kalasi yonse inangoti zii. M'bukumo munali mudzi wonga wathu, maliro, milandu ya pabwalo, ndi mnyamata wosamva amene pamapeto pake analowa ufumu. Titamva kuti T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934, tinanyada kuti azungu nawonso akuwerenga za ife. A Ntara omwewo analemba Mbiri ya Achewa, mmene tinapezamo Kalonga, Kaphirintiwa ndi Makewana wa ku Msinja. Zimene agogo ankatiuza za kachisi wa mvula pa phiri la Bunda zinaleka kuoneka ngati nthano chabe. Pambuyo pake kunabwera Kukula ndi Mwambo la a John Gwengwe, limene tinkabwerekana mpaka chikuto kuthothoka.

Gule anali ndi kaphunzitsidwe kakekake. Pa mpalo kapena pa chinamwali, mbalule ikangolira mudzi wonse unkathamangira kubwalo. Chadzunda ankatuluka mwaulemerero wa mfumu. Kasiyamaliro ankabwera kudzaperekeza mzimu wa womwalira. Koma taonani Simoni wa nkhope yofiira, Maliya, ngakhale Galimoto: chilichonse chachilendo chimene chinalowa m'dziko muno, makolo anachiyang'anitsitsa, nachipatsa malo pabwalo. Anthu osadziwa cholembera anasunga mbiri ya atsamunda m'mavinidwe ndi m'nyimbo za amayi oombera m'manja.

Masiku amenewo mkhristu akapezeka ku gule ankadulidwa mu mpingo, ndipo mabanja ena anagawanika. Komabe mbali zonse ziwiri zinkatiuza chinthu chimodzi, chakuti munthu wakuda ali ndi kwawo ndiponso chiyambi chake.

Kanema ndiye anachedwa kutizindikira. Galimoto ya boma inkabwera pabwalo la sukulu madzulo kudzaonetsa za ulimi, ife n'kukhala pansi pa fumbi, maso ali tong'o. Kenaka pamsika wa Mitundu panadzaza timanyumba toonetsa vidiyo za nkhondo ndi mafilimu a ku Nigeria. Mpake kuti mtima wanga unadzaza mu 2019, pamene Chiwetel Ejiofor anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Dziko lonse linamva Chichewa, linaona njala imene ifenso tinaipirira, linaonanso gule pamaliro. N'kuti UNESCO italemekeza kale Gule Wamkulu mu 2005.

Adzukulu anga, ulemu wochokera kunja ndi wokoma, koma sungatisungire mbiri. Funafunani mabuku a Ntara ndi Gwengwe muwawerenge mokweza kunyumba. Khalani pansi ndi agogo anu akali moyo, muwafunse za mfunda wanu ndi kumene mudzi wanu unachokera. Mafoni muli nawo m'manjamo. Jambulani mawu awo, mulembe Nthondo wa m'badwo wanu.