Kutsika Msanga Mtambo Ukamakoka

Alimi anzanga, inu amene muyenda pa msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti, kapena mwaonapo anthu akuuluka ndi chinsalu ngati akabawi. Mmalawi woyamba kuuluka chotere ndiye Godfrey Masauli.

Masana mphepo yofunda ya kunyanja ikwera mapiri athu a Dedza, ndipo mtambo wakuda ukhoza kukokera munthu kumwamba. Nanga atsika bwanji? Akoka zingwe zakutsogolo za m'mphepete, nsonga ziwiri za nsalu zipindika ngati makutu a mbuzi, natsika akuthawa mtambowo. Kuzungulira mothamanga kutsitsa koposa, koma kuchititsa chizungulire. Ine sindikondwera nako, makamaka pafupi ndi nthaka.

Akatera m'munda mwanu, ana asagwire zingwezo, pakuti mphepo ingawakwekwereze m'mizere.