Kalata kwa Mwana Wanga: Kodi Mmphawi Ndani?

Wokondedwa mwana wanga,

Kutauni kumene ukupitako ukapeza anthu oyesa mnzawo ndi malipiro ake. Usakawatsanzire. Ine ndikuti umphawi ndi kulephera kukhala moyo umene munthu akanausankha akanakhala ndi mpata, ndipo ndalama ndi njira imodzi chabe yopezera mpatawo. Banki Yaikulu Padziko Lonse inaika malire a umphawi wadzaoneni pa dola imodzi patsiku mu 1990, n'kuwakweza kufika madola 2.15 mu 2022. Muyezowu umathandiza kuwerenga anthu, koma suona zonse. Anthu awiri akhoza kulandira ndalama zofanana, wina ali bwinobwino, wina ndi wolumala ndipo chipatala chili kutali. Kodi amenewa n'kuwaika m'gulu limodzi? Apa ndi pamene Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India amene analandira mphoto ya Nobel mu 1998, anatsindika kuti tizifunsa zimene munthu angathe kuchita: kudya mokhuta, kuphunzira, kuchira akadwala, kulankhula pabwalo n'kumvedwa. Ngakhale katswiri wina wa zachuma, Adam Smith, mu 1776, anaona kuti waganyu wopanda malaya abwino ankachita manyazi kuonekera pagulu. Choncho manyazi nawonso ndi mbali ya umphawi.

Ena adzakuuza kuti awa ndi maganizo a anthu okhuta, poti wanjala amafuna chimanga, osati nzeru zakuya. Pa chimangapo akunena zoona, ndipo usadzanyoze ndalama. Koma Sen yemweyo, atafufuza njala ya ku Bengal ya 1943, anapeza kuti chakudya chinalipo ndithu. Mitengo ndiyo inakwera kusiya malipiro a aganyu m'mbuyo, anthu n'kumafa mpunga uli pamsika. Chinawapha n'kusowa mphamvu yochipeza chakudyacho. Enanso adzati zoterezi sizingayezedwe. Zimayezedwa: kuyambira 2010, bungwe la UNDP pamodzi ndi akatswiri a ku Oxford amawerengera umphawi poona maphunziro, thanzi, madzi akumwa, magetsi ndi nyumba. Adzatinso ukayamba kudziyerekeza ndi anzako, aliyense akhala mmphawi. Ayi, nsanje ndi umphawi n'zosiyana. Wosirira galimoto ya mnzake sali pamavuto ofanana ndi amene amalephera kupereka chipepeso pamaliro, n'kuyamba kuzemba anthu.

Tsono mwanangu, ukayamba kulandira, uzisunga, koma usagulitse thanzi lako, maphunziro ako kapena mbiri yako kuti thumba lidzaze, chifukwa ungalemere m'thumba uku ukusauka pa zimene ndalamazo zimayenera kukupatsa. Ukaona wovutika, usathamangire kumutcha waulesi. Funsa chimene chamutsekera njira. Ukamathandiza m'bale, sankha thandizo lomuimika payekha, monga fizi kapena mpamba wa geni, ndipo ulipereke mosam'chititsa manyazi. Kupatsa n'kuika, koma kupatsa kochotsa ulemu kumangowonjezera umphawi umene ukufuna kuuchotsa.

Uyende bwino, Mulungu akusunge.

Ndine mayi ako okukonda.