Kodi Maina a Ana a Bere Limodzi Azigwirizana?

Masiku ano si chachilendo kupeza banja limene ana ake onse ali ndi maina oyamba mofanana. Woyamba ndi Tadala, wachiwiri Takondwa, wachitatu Tamandani. Pena mupeza Chisomo, Chikondi ndi Chifundo ali m'nyumba imodzi. Makolo otere amati maina a ana a bere limodzi ayenera kukoma m'khutu powatchula motsatana, kuti aliyense wakumva adziwe kuti awa ndi pachibale. Ine sinditsutsa kuti maina a abale azigwirizana, koma ndiona kuti kugwirizana kwa kamvekedwe n'kochepa mphamvu poyerekeza ndi kugwirizana kwa tanthauzo.

Makolo athu akale sankalabadira kamvekedwe. Mwana akabadwa ankakhala m'chikuta ndi amake mpaka mchombo utagwa, ndipo dzina ankalandira nthawi yomutulutsa. Kawirikawiri wotcha dzinalo ankakhala agogo, atsibweni kapena azakhali, ndipo mwana wotsatira ankatchedwa ndi wina. Wotchayo ankayang'ana zimene zinali kuchitika pamudzi. Wobadwa m'chaka cha njala, monga ija ya 1949, ankatha kutchedwa Njala. Wobadwa maliro ali pakhomo ankakhala Misozi kapena Maliro, pamene wobadwa mu 1964, chaka chimene dziko lathu linayamba kudzilamulira, dzina lomuyenera linali Ufulu. Choncho maina a ana a munthu mmodzi ankasunga mbiri ya banjalo, ngakhale kuti m'khutu sankafanana n'komwe.

Mitundu ina ya mu Africa nayonso imalumikiza maina a abale potsata malo a mwana m'banja. Pakati pa Ayoruba a ku Nigeria, mapasa amatchedwa Taiwo ndi Kehinde, ndipo wopondana nawo ndi Idowu. Kwa Abaganda a ku Uganda, mapasa aakazi ndi Babirye ndi Nakato, aamuna ndi Wasswa ndi Kato. Kofi Annan wa ku Ghana, amene anatsogolera bungwe la United Nations kuyambira 1997 mpaka 2006, analinso ndi dzina lakuti Atta, kusonyeza kuti anabadwa mapasa. Maina onsewa ndi ogwirizana, koma chowagwirizanitsa ndi nkhani ya kubadwa kwa eni ake.

Komabe njira ya makolo ili ndi minga yake. Kwathu tinabadwa anayi. Achimwene anga oyamba ndi a Mavuto, chifukwa anabadwa amayi akudwala mwakayakaya. Otsatirafe tinalandira maina a chipiriro, chimwemwe ndi madalitso, poti zinthu zinali zitayamba kuyenda bwino. Mlendo akamva maina athu motsatana amachita chidwi, pakuti amaona m'mene banja linachokera m'misozi kufika m'chisangalalo. Koma achimwenewo anakula akudziwa kuti gawo lowawa la mbiriyo anasenza ndi iwo okha. Akalakwa pang'ono, anthu ankati dzina lawatsata, pamene ifeyo tikalakwa chimodzimodzi ankangoti ndi chibwana. Mpaka lero amayi athu amaitanidwa kuti amake Mavuto, popeza kholo limadziwika ndi dzina la mwana wake wachisamba.

Vuto limeneli si la ife tokha. Buku la Genesis limasimba za Rakele, amene pomwalira pobereka anatcha mwana wake Benoni, ndiye kuti mwana wa chisoni changa. Yakobo sanalole kuti khandalo likule ndi dzina la imfa ya amake pakati pa abale ake, ndipo analitcha Benjamini. Bamboyo anazindikira kuti chisoni cha tsiku limodzi sichiyenera kukhala katundu wa mwana moyo wake wonse.

Nanga njira yatsopano yofananitsa kamvekedwe ilibe zovuta? Zilipo ndithu. Choyamba, kholo likadzimanga kuti ana onse ayambe ndi "Ta", pofika pa mwana wachisanu limangotola dzina lililonse lokwanira pamzerepo, tanthauzo osaliganizira. Chachiwiri, maina ofanana kwambiri amasokoneza. Ana atatu olembedwa kuti T. Banda pasukulu imodzi angasinthanitsidwe makalata, ngakhale malikisi a mayeso. Kuchokera mu 2017, pamene boma linalemba anthu m'kaundula wa ziphaso za unzika, dzina lolembedwa molakwika lasanduka chinthu chovuta kukonza. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, mabanja athu ambiri amalera ana amasiye ndi ana owapeza. M'nyumba ya Chisomo, Chikondi ndi Chifundo mukalowa mwana wa malemu dzina lake Limbani, kuitana kulikonse kudzamukumbutsa kuti iye ndi wobwera. Mzere wokongola wa maina uja wasanduka mpanda.

Tisaiwalenso kuti abale ali kale ndi dzina lowamanga pamodzi, lomwe ndi mfunda wawo. Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe ndi chizindikiro chokwanira cha chibale, ndipo alongo awo timawalemekeza kuti Naphiri, Nabanda kapena Nambewe. Tsono dzina loyamba likhale chuma cha mwana payekha, pakuti ngakhale zala za dzanja limodzi sizilingana.

Maganizo anga ndi akuti maina a abale agwirizane pa ulemu. Pasakhale mwana wotchedwa dalitso pamene mbale wake akutchedwa tsoka, ndiponso pasakhale mwana wotchedwa dzina longodzazira mzere. Inu amene muli m'makalasi omaliza a sekondale, posachedwapa mudzapemphedwa kutcha dzina mwana wa mlongo wanu, kenaka wanu weniweni. Musanatsegule pakamwa, dziwani kuti khandalo lidzakhala munthu wamkulu amene adzayankhe dzinalo kusukulu, kuntchito ndi pabwalo la milandu, abale ake kulibe. Ngati angalinyadire ali yekha, ndiponso osachita nalo manyazi likatchulidwa pamodzi ndi a abale ake, ndiye kuti mainawo agwirizana mokwanira. Zotsalazo chibale chidzakwaniritsa chokha, paja akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola.