Usiku wa Basela mu Mzinda wa Blantyre

Amayi anzanga, sabata ino ndikutengani pa ulendo wochokera kwathu ku Ngabu, kukwera mtunda mpaka pakati pa mzinda wa Blantyre, kukagona m'hotela ina yaikulu yochitiramo misonkhano. Musachite mantha ndi mtengo wake, pakuti usiku umene ndifuna kukusimbiraniwu sindinalipire ngakhale tambala. Komanso musafulumire kundisirira musanamve m'mene ndinaupezera.

Nonse mumamudziwa basela. Mukamagula tomato pa msika wa Ngabu kwa mayi mmodzimodzi sabata ndi sabata, tsiku lina amakuponyerani awiri apamwamba, nati, "Awa ndi anu, akasitomala." Sachita zimenezi chifukwa tomato wamuchulukira ayi. Afuna kuti sabata yamawa mapazi anu asakhotere kwa mnzake wa pambali. Eni mahotela akuluakulu amayendera nzeru yomweyi, kungoti iwo basela wawo amamulemba m'kompyuta ndi kumutcha umembala. Ku America, kampani ya ndege ya American Airlines inayamba kuwerengera makasitomala ake maulendo mu 1981, ndipo mu 1983 mahotela a Holiday Inn ndi a Marriott anatengera. Mlendo amalembetsa dzina napatsidwa khadi. Usiku uliwonse umene wagona ndi kulipira amamulembera mapointi, ndipo akachuluka amawasinthanitsa ndi usiku waulere.

Ine khadi yotere inandipeza ndisakuifuna. Gulu lathu la amayi olima thonje ndi mapira linandisankha kukhala mlembi, choncho kwa zaka zitatu ndinali kuitanidwa ku misonkhano mu Blantyre, kawirikawiri m'hotela imodzimodzi. Dzina lake sinditchula, mungati ndatumidwa kudzaitanira malonda. Tsiku lina mtsikana wolandira alendo anati, "Amayi, nkhope yanu taizolowera. Bwanji tikulembeni umembala? N'zaulere." Ndinavomera, poti chaulere sachikana.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakweza kale zikope. Mkazi wapabanja kugona ku hotela? Kwathu kunalinso otero. Bambo a kunyumba sanalankhulepo choipa, koma pa mjigo nkhani inali kuyenda, ndipo inafika m'makutu a apongozi anga, amayi a amuna anga. Iwo sanandifunse kanthu. Anangoyamba kundilonjera mwachidule ndikabwerako ku ulendo, ndipo amene munakwatiwa kwa eni mudziwa kulemera kwake kwa moni wachidule.

Tsono mu Julaye 2024 maso awo, amene anali atachita ng'ala kwa zaka zingapo, anafika poti sakuzindikiranso nkhope ya mdzukulu. Tinapatsidwa tsiku loti tikaonekere ku chipatala cha maso cha ku Gulupu, Lolemba m'mamawa. Kuchokera ku Ngabu kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 100, ndipo minibasi sinyamuka isanadzaze, kotero kunali kofunika kukagoneratu. Apo m'pamene ndinakumbukira khadi ija. Nditaimba foni anandiuza kuti mapointi anga akwanira usiku umodzi, ndi kuti wa Lamulungu ulipo. Wa Lolemba, ngakhale akanakwanira, sakanandipatsa, chifukwa kunali kubwera msonkhano waukulu ndipo zipinda zonse zinali za olipira. Chimenechi chisungeni: basela wa ku hotela amatuluka tsiku limene malonda ali ozizira.

Tinanyamuka Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Njirayi ambiri mumaidziwa: Nchalo ndi minda yake ya nzimbe yosaoneka malire, mphambano ya ku Lengwe, Dyeratu, mlatho wa Kamuzu pa Shire, kenaka Thabwa, pamene chigwa chimathera ndipo galimoto imayamba kulira pokwera. Apongozi sanali kuona kanthu, koma anadziwa kuti takwera pamene makutu anatseka ndi mphepo inayamba kulowa m'mafupa. Ife a kuchigwa tinazolowera dzuwa la Okutobala lopitirira madigiri 40, limene limakutulutsa m'nyumba usiku kukagona pabwalo. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo tsiku limenelo anatilandira ndi chiperoni. Pofika pa Milare anali atafunda zitenje ziwiri.

Mahotela a pakati pa mzindawu ali ndi mbiri yawo. Ya Ryalls, pa msewu wa Hannover, inayambitsidwa ndi mayi, Louisa Ryall, m'zaka za m'ma 1920. Ndimakonda kukumbutsa abambo zimenezi akamayankhula ngati kuti malonda aakulu ndi awo okha. Ya Mount Soche, kumtunda kwa msewu wa Victoria, inatsegulidwa mu 1969, dziko lathu likali lanthete pa ufulu wake. Kuyambira nthawi imeneyo nkhani zambiri zokhudza ife a kumudzi, za mtengo wa mbewu, za madzi osefukira, za uchembere, zakhala zikukambidwa m'zipinda za mahotela otere, pa matebulo ovekedwa nsalu zoyera, ndi botolo la madzi ndi switi patsogolo pa munthu aliyense.

Hotela ya misonkhano ili ngati msika wa tsiku loikika. Pakati pa sabata pamakhala piringupiringu: anthu ovala zikwangwani za maina m'khosi, ena kuthamangira tiyi wa 10 koloko, ena ali pa mzere wosainira alawansi. Lamulungu madzulo mumangoti zii, ngati m'sukulu ya patchuthi. Tinalowa nthawi yotere, ine kutsogolo, apongozi atagwira mkono wanga, mnyamata wa yunifolomu atatilanda chikwama. Mtsikana wa pa tebulo atangoika khadi yanga pa makina ake ananditchula dzina, nati, "Takulandiraninso. Takuikani chipinda chakutali ndi chikepe, monga mumakondera." Apongozi anandifinya mkono. "Akukudziwa?" Ndinati inde, koma mumtima ndinali kudziwa kuti mtsikanayo anali watsopano, sanandionepo chibadwire. Chondidziwa chinali kompyuta. Ndinalipempha kamodzi kokha pempho la chipindalo, zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo linalembedwa, pamodzi ndi nambala yanga ya foni ndi tsiku langa lobadwa. Polembetsa umembala mumapereka zimenezi, ndipo mauthenga a malonda amakutsatani mpaka kumunda.

Chikepe chitanyamuka anakuwa pang'ono, "Mwananga, nyumba ikuyenda!" Titafika m'chipinda mnyamata uja anaika chikwama, naonetsa poyatsira magetsi. Apongozi, amene ndi Msena weniweni, anaomba m'manja nati, "Takhuta, takhuta." Mnyamatayo anandiyang'ana modabwa, nati chakudya chamadzulo sichinayambe n'komwe. Ndinachita kumufotokozera kuti kwathu mawu amenewa ndi zikomo. Anaseka mwaulemu, ndipo m'mawa mwake anatipatsa moni ndi mawu omwewo.

Atakhala pa bedi anayamba kulipapasa ndi manja, nsalu ndi nsalu, ngati munthu wosankha thonje loyera pa lakuda. Kenaka anafunsa funso limene sindinaliyembekezere: "Nanga mwini nyumba ali kuti? Sitingagone tisanamulonjere." M'kathumba kawo anali atanyamula masau ouma a mphatso, pakuti kwathu mlendo salowa pakhomo chimanjamanja. Ndinayesa kufotokoza kuti nyumba zotere mwini wake ndi kampani, anthu ambiri osonkha ndalama, ena mwina sanapondemo. Sanakhutire. "Nyumba yopanda mwini, ukadwala usiku ugogoda kwa yani?" Ndinawagwiritsa foni ya pambali pa bedi. Iwo anangoti, "Hmm." Masauwo anapatsa mayi wina wokonza m'zipinda amene anabwera ndi bulangete lachiwiri, atamufunsa kwawo ndi kumva kuti ndi wa ku Bangula. Anacheza m'Chisena mpaka mayiyo anachita kukumbukira yekha kuti ali pa ntchito.

Chiperoni chitang'ambika pang'ono ndinaima pa zenera n'kumawauza zimene ndinali kuona. Uko phiri la Ndirande, nyumba zitakwera mpaka m'chiuno mwake. Uko la Soche, ndi mabala ake pamene nthaka inagumuka nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Madzi a kumtunda onse amatsikira kwa ife. Amene anapha kuno ndi omwe anadzatenga mapira athu." Sindinawayankhe. Ndinakumbukira kuti miyezi ingapo chichitikire zimenezo ndinakhala m'chipinda cha pansi pa hotela yomweyi, tikukambirana za anthu osowa pogona ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo pa 12 koloko tinatuluka kukadya nyama za mitundu itatu. Sindikunena kuti misonkhano n'njachabe. Mbewu zina zimene tinalandira zinachokera m'zokambirana zotere. Koma nsima ya tsiku limenelo inandivuta kumeza.

Madzi otentha otuluka pa mpopi ndiwo anawagonjetsa. Anasamba kawiri, madzulo ndi m'mawa. Atafunsa mtengo wa chipindacho kwa wolipira, ndinawauza m'chiwerengero chimene amachidziwa: mbuzi ziwiri sizikanakwana. Anadzuka pa bedi ngati lawatentha. Ndinachita kulumbira kuti lero n'zaulere.

Zaulerezo tiyeni tiziwerengere bwino, amayi, poti ife ndife osunga thumba la pakhomo. M'zaka zitatu ndinagona m'hotela imeneyi masiku oposa 20, koma olembedwa pa khadi anali 14 okha. Masiku amene oitanitsa msonkhano analipirira gulu lonse pa bilu imodzi sanawerengedwe. Anawerengedwa okhawo amene anandipatsa ndalama m'manja ine n'kukalipira ndekha. Mahotela ambiri amatero, choncho funsani musanayembekezere kanthu. Ena amafufutanso mapointi mukakhala nthawi yaitali osabwera, ndipo kuchuluka kwa mapointi ogulira usiku umodzi amakusintha eni ake pamene afunira, inu osafunsidwa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zipinda inakwera, ndipo sindinadabwe kumva kuti usiku waulere nawonso watalikira.

Ndiulule ndi kupusa kwanga komwe. Ulendo wina, nditamva kuti ndatsala pang'ono kukwanitsa, ndinadya mgonero m'hotelamo ndi ndalama yanga kuti mapointi akwere. Mbale imodzi ya nsima ndi chambo inadya ndalama yokwanira ndiwo za sabata yathunthu kunyumba. Anzanga ena a pa msonkhano anali kuchita mwanzeru kuposa ine: amalandira alawansi, n'kukagona kwa achibale ku Bangwe kapena ku Chilomoni, yotsalayo n'kukalipira fizi. Iwo analibe khadi, koma ana awo sanabwezedwe ku sukulu. Inenso masiku ena ndinatero. Ndinasankha hotela makamaka pamene msonkhano unali kutha mochedwa, poti mayi kuyenda yekha usiku mu mzinda ndi chikwama cha mapepala a gulu si chinthu chamasewera. Chitseko chokhoma bwino ndi mlonda pa geti zili ndi mtengo wake, ndipo sindinong'oneza bondo.

Lolemba tinadzuka kusanache. Kadzutsa anali m'gulu la zaulere zija, ndipo apongozi, atauzidwa kuti atha kutenga chilichonse, anasankha phala ndi tiyi basi. Potuluka tinapeza anyamata akupachika nsalu ya msonkhano pakhomo, magalimoto a mabungwe atayamba kale kufika. Ulendo wa ku Gulupu unali wa mphindi zochepa, ndipo tinali m'gulu la oyamba pa mzere. Anawagoneka tsiku lomwelo, nawachita opaleshoni diso limodzi m'mawa mwake. Ine masiku amenewo ndinagona kwa msuweni wanga ku Ndirande, pa mphasa, ana atatu ali kumapazi, ndipo tulo tinabwera chimodzimodzi.

Tinabwerera Lachinayi, atawachotsa bandeji. Potsetsereka phiri kulunjika ku Thabwa anapempha kukhala ku zenera. Chigwa chonse chinali chitayalidwa pansi pathu, Shire akunyezimira pakati, utsi wa nzimbe zootchedwa ukukwera chakutali. Analoza ndi chala chonjenjemera, nati, "Shire uyo." Anabwereza katatu, mpaka anthu a m'minibasi anayamba kuseka nawo.

Kumudzi nkhani ya diso inatha msanga. Imene inakhalitsa ndi ya hotela. Ndinawamva ndekha akuuza amayi anzawo pansi pa mlambe kuti, "Kumene amagona mwanayu ndagonako. Kuli zitseko zokhazokha ndi anthu aulemu, ndipo ukakhoma wakhoma." Chiyambire tsiku limenelo moni wanga anabwerera mwakale, ndi mafunso ake onse a m'mene ndayendera.

Vuto latsala limodzi. Akuti ulendo uja anapita ali wosaona, tsono afuna kubwererako kuti akaone ndi maso nyumba yoyenda ija, ndiponso mayi wa ku Bangula anamulonjeza malambe. Ndinawaonetsa uthenga wa pa foni wosonyeza kuti pa khadi patsala mapointi osakwanira ngakhale kapu ya tiyi, ndipo chaka chino amayi a gulu lathu asankha mlembi wina. Iwo anayang'anitsitsa foniyo ndi diso lawo latsopano, nati, "Diso linali likadzapsa ng'ala yake, udzawaimbire. Amakudziwa."