Mfumukazi Yotuluka Msanga

Ife a kuno ku Mangochi tidakulira pa bawo, ndipo tchesi tidaidziwa tili kale ndi ndevu. Tsopano ana athu a sukulu akuisewera pa mipikisano, ndipo ine monga mphunzitsi ndimawaperekeza.

Pali kayambidwe kena kamene anyamata amakakonda koposa. Woyera atsegula njira, atulutsa mfumukazi ndi bishopu, nalunjika zonse ziwiri pa kabwalo ka f7, pamene pali msilikali wotetezedwa ndi mfumu yokha. Mnzake akagona, masewera atha pa kusuntha kwachinayi. Kabwaloko kali ngati khomo la kuseri la nyumba losapiringidza.

Pa mpikisano wina wa masukulu kuno ku boma ndidaona mnyamata wa ku Monkey Bay, amene kwawo adagonjetsa anzake onse ndi msampha umenewu, atakhala moyang'anana ndi mtsikana wachete wa ku Namwera. Mnyamatayo adaponya mfumukazi pa h5 osaganiza n'komwe. Mtsikana adatulutsa kavalo, kenaka natseka njira ndi msilikali pa g6. Mfumukazi idabwerera pa f3. Kavalo wachiwiri adatsekanso pamenepo. Idapita pa b3, kavalo woyamba nailondola pa d4, iyo nithawira pa c3. Tsono mtsikana adaika bishopu wake pa b4 popanda womuteteza. Mwana wa kunyanja, wodziwa bwino za mbedza, adameza nyambo! Pomwepo kavalo adalumphira pa c2, naopseza mfumu ndi mfumukazi nthawi imodzi.

Ndidawerenga pa pepala lawo: mwa kusuntha kasanu ndi kawiri, kasanu mnyamata adagwira mfumukazi yokhayokha, akavalo ake onse awiri ali chigonere m'khola.

Sindimuda mwanayo. Vuto lake ndi lakuti msamphawo udamkolera kwa nthawi yaitali, kotero kuti sadaone chifukwa chophunzirira china. Wansembe wa ku Spain, Ruy Lopez, adalemba buku la tchesi mu 1561, ndipo kayambidwe kotchedwa ndi dzina lake kamatulutsa kavalo ndi bishopu poyamba, mfumukazi nitsalira kunyumba. N'kochedwa, ndipo ana amati n'kosasangalatsa, koma akatswiri akukasewerabe.

Mnyamata uja sadagonje msanga ai. Adalimbikira ola lathunthu wopanda mfumukazi, ndipo m'ola limenelo ndimo adasewera tchesi yabwino koposa imene ndidamuonapo tsiku lonselo.